Kavalo Wopanda Mpweya: Kodi Tingamlakwire?

Pali mtundu wina wa akavalo umene wabuka m'zaka zathu zino. Akavalo amenewa sadya msipu wa kudambo, satuluka thukuta, ndipo ngakhale athamange tsiku lonse sasiya phazi pafumbi. Amakhala m'makina a makampani a maiko akutali, ndipo eni ao amawaona pagalasi la kompyuta kapena la foni basi. Komabe anthu miyandamiyanda, ambiri mwa iwo ana ndi achinyamata, amalawirira m'mamawa kukawadyetsa, amawatcha maina, amawakweretsa kuti aswane, nawapikisanitsa ndi akavalo a anzao okhala kutsidya kwa nyanja. Munthu wamkulu akamva zimenezi amayamba waseka, nati n'zachibwana. Ife tikuganiza kuti m'kati mwa chibwana chimenechi mwabisala funso lofunika kulisinkhasinkha mofatsa: kodi pali cholakwa chilichonse pa m'mene munthu achitira ndi chiweto chimene kulibe?

Kuti tisaweruze mlandu tisanaumve, tiyeni tiyambe taona m'mene masewerawo amayendera. Titenge amodzi odziwika kwambiri, otchedwa Howrse, amene anapangidwa ndi kampani yaing'ono ya ku Paris yotchedwa Owlient, imene m'chaka cha 2011 inagulidwa ndi kampani yaikulu ya Ubisoft. Wosewera akangolembetsa pa intaneti amapatsidwa kamwana ka kavalo kamodzi. Tsiku ndi tsiku ayenera kukapatsa udzu ndi madzi, kukapesa ubweya, kukasisita, kukapatsa karoti, kenaka n'kukagoneka m'khola. Likacha tsiku lina kamakhala katakula ndi miyezi iwiri. Kavalo aliyense ali ndi maluso asanu ndi limodzi, monga liwiro, kupirira ndi kulumpha, ndipo luso lililonse lili ndi malire ake amene kavaloyo anabadwa nao. Malire onsewo akawaphatikiza pamatuluka nambala imodzi, imene tingaitche mphamvu ya mtundu. Nambala imeneyi ndiyo mtima wa masewera onse, popeza mwana wobadwa kwa makolo ophunzitsidwa bwino amaposa makolo akewo pang'ono, mdzukulu naye amaposa mwanayo, ndipo pali ndandanda yoonetsa amene ali ndi akavalo a nambala yaikulu koposa.

Palinso muyeso wina umene eni masewera anaubwereka ku ulimi weniweni, wotchedwa BLUP. Njira imeneyi inakonzedwa ndi katswiri wa ku America, Charles Henderson, wa pa sukulu ya ukachenjede ya Cornell, ndipo inathandiza kwambiri oweta ng'ombe zamkaka kudziwa nkhunzi imene ingabereke ana abwino. M'masewera muja, kuti kavalo afike pa muyeso wodzaza wa 100, ayenera kukwanitsa zaka 10, kupambana mipikisano 20, ndi kumaliza kuphunzira maluso ake atatu opambana. Kudikira zaka khumi pa miyezi iwiri patsiku ndi masiku 60. Koma pali timapointi tokalambitsira kavalo nthawi yomweyo, kotero kuti osewera akhama, amene amagwirizana m'magulu, amatha kulera kavalo, kumphunzitsa, kumkweretsa ndi kulandira mwana wake tsiku limodzi lisanathe. Kukweretsa tate ndi mwana wake, kapena mlongo ndi mlongo, sikubweretsa chilema chilichonse m'masewerawa. Ndipo mwana uja akangobadwa, kholo latha ntchito. Amaligulitsa motchipa, kapena kulisiya m'khola losayang'anidwanso, kapena kulitumiza kumalo amene masewerawo amawatcha Safe Haven, kumene silibwererako.

Apa ndiye pagona nkhani. Kavalo amene m'mawa anali kamwana kosisitidwa, madzulo ali ngati gaga.

Yankho loyamba limene nzeru imapereka n'lachidule, ndipo tiyenera kulilemekeza: palibe amene walakwiridwa. Kuti munthu alakwire chinthu, chinthucho chiyenera kukhala ndi moyo wake umene ungaonongeke, kapena thupi limene lingamve kuwawa. Kavalo wa m'kompyuta ndi mzere wa manambala umene aujambulira chithunzi. Amene amadya nkhomo za mnzake pa bawo sitimutcha wakuba, ndipo mwana amene waumba ng'ombe zadothi kudambo n'kuziswa pobwerera kumudzi sitimuitanira bwalo. Tingapitirire n'kunena kuti ngati munthu ali ndi chilakolako choweta ndi kupikisanitsa akavalo, kuli bwino achithere pa akavalo ojambula kusiyana ndi amoyo. Mjaha weniweni uli ndi mitembo yake. M'mwezi wa May 2008, pa mpikisano wotchuka wa Kentucky Derby ku America, kavalo wamkazi wotchedwa Eight Belles anamaliza ali wachiwiri, ndipo atangodutsa pothera anathyoka miyendo yonse iwiri yakutsogolo, namupha pomwepo m'bwalo anthu akuonerera. Anthu ambiri anafunsa nthawi imeneyo ngati kuwetera liwiro lokha sikunafooketse mafupa a mtundu wonse. Akavalo a mjaha otchedwa Thoroughbred ali ndi kaundula wa mibadwo yao amene anayamba kusindikizidwa ku England mu 1791, ndipo mzere wa makolo ao aamuna umakathera pa akavalo atatu okha: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Kavalo weniweni amene watha ntchito amafunabe kudya kwa zaka zina khumi kapena makumi awiri, ndipo si onse amene amapeza wowadyetsa. Atolankhani a ku Australia mu 2019 ndi a ku Britain mu 2021 anaonetsa ena akuphedwa m'nyumba zophera nyama. Poyerekeza ndi zimenezi, manja a mwana wosewera Howrse ndi oyera.

Koma anthu oganiza akale sanalekere pamenepa. Thomas Aquinas, m'zaka za m'ma 1200, ndiponso Immanuel Kant, zaka mazana asanu pambuyo pake, onse awiri ankakayika ngati munthu ali ndi udindo wolunjika kwa nyama, koma onse awiri analetsa kuzunza nyama. Chifukwa chao chinali chakuti wochitira nkhanza nyama amaumitsa mtima wake, ndipo mtima wouma sudzasankha pokagwera. Kant pophunzitsa zimenezi anatchulapo zithunzi zinai za William Hogarth za mu 1751, zoonetsa mnyamata amene ayamba ndi kuzunza galu, atakula akwapula kavalo wake amene wagwa ndi katundu mumsewu, ndipo potsiriza apha munthu. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Makolo athu anati kuongola mtengo m'poyamba. Ngati tsono choipa cha nkhanza chili mwa wochitayo, kodi sitinganene kuti wotaya kavalo wojambula akudziononga chimodzimodzi, ngakhale kavaloyo sakumva kanthu?

Ife tikuona kuti ganizo limeneli, ngakhale n'lokopa, silikugwira bwino pano. Chimene chimaumitsa mtima wa wozunza galu n'chakuti galuyo amalira, munthu uja namva kulirako, n'kudziphunzitsa kusakusamala. Ndiye kuti amapha chifundo chimene chinali ndi chifukwa chenicheni. Wosewera uja alibe kulira kumene akutsekera makutu. Amadziwa kuti palibe akumva kuwawa, ndipo akudziwa zoona. Kumuyesa mnzake wa mnyamata wa Hogarth n'kumunamizira. Ena amafika mpaka potchula Francis Galton, amene mu 1883 anapereka dzina ku chiphunzitso chofuna kuweta anthu monga ziweto, chimene pambuyo pake chinachititsa kuti anthu zikwizikwi ku America ndi ku Germany atsekedwe kubereka mokakamizidwa. Mbiri imeneyo njoopsa ndithu, koma kuisenzetsa mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri amene akuwerengera nambala za akavalo ake n'kupha nyerere ndi nkhwangwa.

Chimene chikutivuta ife n'china, ndipo n'chobisika kuposa nkhanza. Nkhomo za pa bawo zilibe maso. Palibe amene amaitcha dzina nkhomo, kapena kuisisita, kapena kulemba tsiku limene inabadwa. Ng'ombe yadothi mwana amaiumba yekha, ndipo chikondi chimene aiika n'chake, palibe amene wamupempha. Koma masewera a akavalowa amamupempha wosewera zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ndi dzanja limodzi amamupatsa kamwana ka maso aakulu, namuuza kuti kapatse dzina, kasisite, usakagoneke ndi njala. Ndi dzanja linalo amamuonetsa ndandanda, namuuza kuti kamwana kako kali pa nambala yakutiyakuti, ndipo mawa kadzakhala kotsalira. Chikondi ndicho chimamukokera m'masewera, koma amene akufuna kupambana ayenera kuphunzira kuchizimitsa msanga, ndi kuchiyatsanso pa mwana wotsatira. Amachita zimenezi kambirimbiri, mpaka dzanja lizolowera. Osewera ena akhama safikanso potcha akavalo ao maina. M'malo mwa dzina amalembapo nambala ya mphamvu ya mtundu ija, kuti asavutike posankha.

Wina adzati: nanga mlimi sachita chimodzimodzi? Ng'ombe yake amaitcha dzina, amaidziwa kulira kwake, koma tsiku lofuna ndalama za sukulu amaiperekeza kumsika. N'zoona, ndipo sitimuyesa woipa. Koma taonani kusiyana kwake. Mlimi uja walera ng'ombeyo zaka, waigonera panja usiku wobereka, ndipo poigulitsa amadziwa chimene akutaya. Amaigulitsa chifukwa pakhomo pavuta. Kulemera kwa mtima wake pobwera kumsika ndiko kumasunga chikondi ndi malonda kuti chilichonse chikhale m'malo mwake. M'masewera muja kulemerako anakuchotsa dala, popeza kukanachedwetsa mpikisano. Chotsala ndi chizolowezi chokhachokha choyang'ana cholengedwa chokhala ndi nkhope n'kufunsa funso limodzi: nambala yake ndi yotani?

Kodi chizolowezi chimenechi chimatuluka m'masewera n'kulowa m'moyo? Sitikunena kuti mwana wotaya kavalo wojambula adzataya agogo ake. Ana amadziwa kusiyanitsa masanje ndi banja. Tikungoona kuti funso lija la nambala silikudikira kutuluka m'masewera. Lili kale panja, ndipo masewerawo analitola kwa ife akuluakulu. Ndi ife amene timafunsa mwana potsekera sukulu kuti wakhala nambala chani tisanamufunse chimene waphunzira. Ndi ife amene timayesa wantchito ndi zimene watulutsa mwezi uno, namuona wokalamba ngati katundu. Mwana akamapeza lamulo lomwelo kusukulu, pakhomo, ndiponso m'masewera ake, kumene kunayenera kukhala kopumirako, angaphunzire kuti kuti pali kuyang'ana kwina? Tikadandaula ndi masewera amenewa, tidziwe kuti tikudandaula ndi kalilole.

Tisaiwalenso zabwino zake, pakuti zilipo. Kavalo ndi chiweto cha anthu olemera pafupifupi kulikonse. Ngakhale ku Ulaya, mwana wa m'tauni amene amalota akavalo kawirikawiri sangakhale naye. (Kwathu kuno ngwosowa kwambiri mwakuti ngakhale dzina lakuti kavalo tinachita kubwereka kwa Apwitikizi.) Masewera amampatsa mwana wotere kakhomo kolowera m'dziko limene ndalama zinamutsekera. Amaphunziramo kusunga chuma cha m'masewera, kudikira, kugwirizana ndi anzake a zinenero zina, ndi kumvetsa pang'ono m'mene mtundu umayendera m'magazi. Johan Huizinga, wolemba mbiri wa ku Netherlands, anatulutsa buku mu 1938 lofotokoza kuti kusewera si zotsalira za moyo koma muzu wa chikhalidwe cha anthu, ndipo Aquinas yemwe uja anaphunzitsa kuti mtima umafuna kupuma monga thupi, mwakuti kukana kusewera konse nakonso n'kulephera. Ndiponso si onse amene amathamangira ndandanda. Pali osewera ambiri amene amasunga kavalo wao woyamba kwa zaka, wa nambala yochititsa manyazi, namudyetsa tsiku lililonse popanda phindu lililonse. Masewerawo sawaletsa, ngakhale ndandanda ija siwawerengera. Anthu otere amatikumbutsa kuti lamulo la masewera silimaliza ufulu wa wosewera.

Komatu ndi pa anthu okhulupirika omwewa pamene pali mbali ya nkhaniyi imene ife tikuiona yolemera koposa, ndiyo ya ndalama. Mu 1996 kampani ya Bandai ya ku Japan inatulutsa kachidole kotchedwa Tamagotchi, kokhala ndi kanyama kojambula kamene kankafa mwini wake akakanyalanyaza. Ana analira nako, aphunzitsi nadandaula nako, koma kholo linkalipira kamodzi kokha m'sitolo, nkhani n'kutha. Masewera a pa intaneti analowa ndi njira ina. Kulowa n'kwaulere. M'kati muli ndalama zamasewera zimene munthu amazipeza posewera, koma mulinso ziphaso zimene njira yachidule yozipezera ndiyo kugula ndi ndalama zenizeni, ndipo ziphasozo ndizo zimagula zinthu zamphamvu. Mu Howrse kavalo amakalamba ndipo amafa. Koma pali mwala wina wogulitsidwa m'masewera momwemo umene ukaupereka kwa kavalo, safanso.

Tiyeni tiime pamenepa pang'ono. Kavalo weniweni amafa chifukwa thupi limatha, ndipo palibe amene analemba zimenezo kuti apezepo phindu. Kavalo wojambula alibe chifukwa chofera. Imfa yake ndi mzere umene munthu wina anaulemba m'makina, ndipo amene analemba imfayo ndi yemwe akugulitsa mankhwala ake. Sing'anga amene amabweretsa nthenda m'mudzi kuti agulitse mizu tikudziwa dzina limene tingamutche. Sitikunena kuti opanga masewera ndi otero. Iwo adzayankha kuti popanda imfa masewera oweta sangakome, kuti mwalawo munthu wakhama angaupeze osalipira, ndi kuti antchito ao ayenera kulandira malipiro. Zonsezi n'zomveka. Koma chotsalira n'chakuti chimene chikugulitsidwa pamenepa si liwiro kapena ulemu wa pa ndandanda. Ndi mantha a mwana oti chimene wachikonda chimuchokera. Wopikisana uja, amene anaphunzira kusakonda, amalipira kuti apambane. Wokhulupirika uyu amalipira chifukwa wakonda. Ndipo kudyetsa kwa tsiku ndi tsiku kuja, kumene kumaoneka ngati sukulu ya udindo, kulinso ngati chingwe: kumamubweza mwana pakhomo la sitolo m'mawa uliwonse. Ngati pali wolakwiridwa m'nkhani yonseyi, wapezeka, ndipo ali kuno kwa galasi.

Maboma ena ayamba kuona kuti malire a masewera ndi juga afufutika. Mu 2018 bungwe loyang'anira juga ku Belgium linagamula kuti timabokosi ta mwayi togulitsidwa m'masewera ena a pa kompyuta, timene munthu amalipira asanadziwe chili m'kati, ndi juga pamaso pa lamulo. Ndipo pali masewera a akavalo amene sanabise n'komwe. ZED RUN, amene anayambitsidwa mu 2019 ndi kampani ya ku Australia yotchedwa Virtually Human Studio, anali a akuluakulu: kavalo aliyense anali ndi chikalata cha umwini cha mtundu wa NFT, ankagulidwa ndi ndalama za pa intaneti, ndipo eni ake ankalipira polowetsa akavalo mu mjaha ndi pokweretsa, nalandira mphotho akapambana. Mitundu ya akavalowo inatchedwa maina a anthu otchuka pa ndalama za pa intanetizo: Nakamoto, Szabo, Finney ndi Buterin. Mu 2021, msika utatentha, nyuzipepala ya New York Times inalemba za kavalo mmodzi amene anagulitsidwa madola 125,000. Apa panalibenso kusisita kapena karoti. Kavalo anali chikopa chabe chovekedwa pa malonda, kuti munthu wogula chiyembekezo azidziona ngati mlimi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mu 2022 mitengo ya zinthu za NFT inagwa kwambiri, ndipo mu 2025 eni ake anatseka mjaha wakalewo nayamba wina watsopano wotchedwa ZED Champions. Chikalata chija chikhoza kukhalapobe, koma kavalo wa mjaha amene bwalo lake latsekedwa ndi chiyani?

Funso limeneli silikukhudza ochita juga okha. Tinanena kuti eni ao a akavalowa amawaona pagalasi, koma mau akuti eni tinawagwiritsa ntchito mwaulemu chabe. Mwana woumba ng'ombe yadothi akaikonda amaitenga kupita nayo kunyumba, naiumika padzuwa, naibisa patsindwi; ikasweka, yasweka m'manja mwake. Kavalo wa pa intaneti sachoka m'makina a kampani. Wosewera amaloledwa kumuona ndi kumusamala malinga ngati akutsata malamulo amene anavomereza polembetsa, amene ana ambiri, ngakhalenso makolo ao, sawawerenga. Kampani ingasinthe malamulo a mpikisano, ingatulutse akavalo atsopano amene achititsa akale kukhala opanda pake, ingatseke khola la munthu, ndipo tsiku limene masewerawo adzaleka kubweretsa phindu ingazimitse makina onse, monga achitira kale makampani ambiri ndi masewera ena. Tsiku limenelo kavalo wa pamwamba pa ndandanda, kavalo wotumizidwa ku Safe Haven, ndi kavalo woyamba uja amene mwana anamugulira mwala wosafa ndi ndalama zimene anapempha kwa mai ake, onse adzazima pa mphindi imodzi.